Makilomita 42 a mbiri: zomwe ndinaona pa Soweto Marathon

Aphunzitsi anzanga, komanso inu ana anga akale amene tsopano ena muli ndi ndevu ndi mabanja anuanu: Ambiri mwakhala mukundifunsa za mpikisano wothamanga umene ndinakachita nawo ku Joni mu Novembala 2019, wotchedwa Soweto Marathon. Funso lake limakhala lomwelomwelo: "Aphunzitsi, munakhala nambala chani?" Yankho ndi lakuti pamene ine ndimafika pomalizira, amene anapambana anali atasamba kale, atadya, mwinanso atapha katulo pang'ono. Ndinatenga maola asanu ndi mphindi zingapo.

Nkhani imene ndikufuna kukusimbirani lero ndi ya njira yomwe tinadutsa. Mpikisanowu umadutsa m'malo amene ndakhala ndikuwalemba ndi choko pa bolodi kwa zaka zambiri: Kliptown, Regina Mundi, Morris Isaacson, Vilakazi Street. Ena a inu munawaloweza mayinawa usiku pa koloboyi pokonzekera mayeso a Fomu 4. Tiyeni tsono tiyende limodzi, koma tiyambe ndi mtunda weniweniwo.

Kodi 42.195 inachokera kuti?

Makilomita 42.195 ndi chimodzimodzi kuzungulira bwalo la mamita 400 maulendo 105 ndi theka. Nambala yopanda dongosolo ngati imeneyi ili ndi mbiri yake.

M'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, asilikali a ku Athens anagonjetsa gulu lankhondo la Perisiya pa chigwa cha Marathon ku Greece. Nthano yotchuka imati mthenga wina anathamanga kuchokera pa chigwapo kukafika ku Athens, nanena kuti apambana, n'kugwa pomwepo n'kufa. Apa pali phunziro kwa ife ophunzitsa mbiri. Herodotus, amene analemba za nkhondoyi patangopita zaka makumi ochepa, sanatchule zimenezi. Iye analemba za mthenga Pheidippides amene anatumidwa nkhondo isanayambe kuchokera ku Athens kupita ku Sparta kukapempha thandizo, mtunda wa makilomita pafupifupi 240, ndipo anafika tsiku lotsatira. Nkhani ya mthenga wakufayo inadzaoneka m'zolemba za Plutarch ndi Lucian patapita zaka zoposa 500. Mukafuna chitsanzo chophunzitsira ana kusiyanitsa umboni wapafupi ndi nkhani yam'maluwa, nachi.

Nthanoyo ndi imene inabala mpikisano. Pamene masewero a Olimpiki amayambanso ku Athens mu 1896, katswiri wa zinenero wa ku France, Michel Bréal, anapereka ganizo loti pakhale liwiro lochokera ku Marathon kukafika mumzinda. Mtunda wake unali makilomita pafupifupi 40, ndipo anapambana ndi Mgiriki wina wotunga ndi kugulitsa madzi, Spyridon Louis, pa maola 2, mphindi 58 ndi masekondi 50. Chaka chotsatira, 1897, mzinda wa Boston ku America unayambitsa mpikisano wakewake.

Zotsalira zija za .195 zinabwera mu 1908 ku London. Okonza anayeza njira kuchokera ku nyumba yachifumu ya Windsor kukafika mu sitediyamu ya White City, ndipo inakwana mamailosi 26 ndi mayadi 385. Tsiku limenelo Mtaliyana Dorando Pietri analowa mu sitediyamu ali patsogolo koma atatheratu. Anagwa kangapo, akuluakulu a mpikisano n'kumamudzutsa mpaka anadutsa mzere. Anamulanda chipambano chifukwa chothandizidwa, mendulo ya golide n'kupita kwa Johnny Hayes wa ku America. Nkhaniyi inamveka dziko lonse, ndipo mu 1921 bungwe loyendetsa masewerowa linakhazikitsa mtunda wa ku London uja kuti ndiwo ukhale wa marathon.

Amene ankaletsedwa kuthamanga

Anthu akuda a mu Africa oyamba kuthamanga marathon ya Olimpiki anali Len Taunyane ndi Jan Mashiani a ku South Africa, mu 1904 ku St. Louis. Anapita ku America ngati anthu oonetsedwa pa chionetsero cha nkhondo ya Mabunu, koma atalowa mpikisano Taunyane anakhala wa nambala 9, Mashiani nambala 12.

Mu 1960 ku Rome, msilikali wa ku Ethiopia Abebe Bikila anapambana wopanda nsapato, pa maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16. Njira yake inadutsa pafupi ndi chipilala cha ku Axum chimene Italy inalanda ku Ethiopia mu 1937, nthawi ya Mussolini. Chipilalacho chinabwezedwa kwawo mu 2005. Bikila anapambananso ku Tokyo mu 1964, ulendo uno atavala nsapato.

Amayi nawo ankauzidwa kuti matupi awo sangapirire mtunda wotere. Mu 1967 mkulu wina wa mpikisano wa Boston anayesa kumuthothola nambala Kathrine Switzer ali mkati mothamanga, koma mayiyo anamaliza. Marathon ya amayi inalowa mu Olimpiki mu 1984, ndipo Joan Benoit ndiye anapambana.

Ku South Africa, mpikisano wotchuka wa Comrades, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, unayamba mu 1921, koma anthu akuda ndi amayi analoledwa kulembetsa mu 1975. Munthu wakuda woyamba kuupambana anali Sam Tshabalala mu 1989. Kenaka mu 1996 ku Atlanta, Josia Thugwane, amene ankagwira ntchito pa mgodi wa malasha, anapambana marathon ya Olimpiki ndi kusiyana kwa masekondi atatu okha. Iye ndiye munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kutenga golide wa Olimpiki. Mukadziwa zimenezi, gulu la anthu akuda masauzande likuthamanga momasuka m'misewu ya Soweto mumaliona ndi maso ena.

Njira ya Wenela

Ndinakonzekera miyezi isanu ndi umodzi. Ndinkadzuka mbandakucha kuthamanga m'misewu yafumbi ndisanapite kukalasi, Loweruka n'kuwonjezera mtunda mpaka ndinafika makilomita 32. Amayi opita kudimba ankandiyang'ana ndi chisoni, ndipo agogo ena anandifunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino.

Ndinapita pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mpaka pa Park Station ku Johannesburg. Miyendo inafika itatupa. Ulendo wa ku Joni ndi wakale kwa ife. Golide anapezeka kumeneko mu 1886, ndipo bungwe la Wenela linkatenga amuna m'mayiko onse ozungulira kuti akakumbe. Agogo anga aamuna anapita kawiri, nabwera ndi njinga, wilesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Inadzayambanso mu 1977 pansi pa Theba, n'kutha mu 1988. Kamuzu mwiniwakeyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wina ku Boksburg.

Mpikisano unayambira pa FNB Stadium, bwalo lalikulu lomangidwa ngati chipanda. Pamenepa ndi pamene Nelson Mandela analankhula kwa khamu la anthu pa 13 Febuluwale 1990, patangopita masiku awiri atatuluka m'ndende. Ndi pomweponso panaseweredwa mpira woyamba ndi womaliza wa World Cup ya 2010. Chapafupi pali zitunda zazikulu zachikasu, zosalala pamwamba ngati tebulo. Mlendo angayese ndi mapiri achilengedwe, koma ndi dothi lotuluka m'migodi. Ndinaziyang'ana m'kachisisira ka m'mawa ndikudzifunsa kuti ndi mafosholo angati a dothilo amene anakwezedwa ndi manja a anthu a ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Mulanje.

Tili chiimire kudikira mfuti yoyambira, gulu linayamba kuimba Shosholoza, nyimbo ya anthu a m'migodi amene ankabwera pa sitima kuchokera kumpoto. Ndinamva tsitsi likuima. Mfuti italira sitinathamange nthawi yomweyo. Anthu anali ochuluka kotero kuti tinayenda mothithikana kwa mphindi zingapo tisanaponde mzere woyambira.

Baragwanath ndi Kliptown

Dzina lakuti Soweto linakhazikitsidwa mu 1963, ndipo ndi chidule cha South Western Townships. Malowa anakula chifukwa boma linkafuna manja a anthu akuda mumzinda masana koma silinkafuna kuwaona usiku. Orlando inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Kuyambira mu Febuluwale 1955 anthu a ku Sophiatown anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugumulidwa. Timanyumba ting'onoting'ono tofanana timene boma linamanga tikadalipo, ngakhale kuti ambiri anatikuza ndi kutipaka utoto. Lero mukuona nyumba zosanja ndi magalimoto apamwamba mbali ino, zisakasa zamalata mbali inayo.

Malo oyamba aakulu amene tinadutsa ndi chipatala cha Chris Hani Baragwanath. Chinamangidwa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse kuti chizithandiza asilikali, kenaka chinasanduka chipatala cha anthu akuda. Chili ndi mabedi oposa 3,000 ndipo ndi chimodzi mwa zipatala zazikulu kwambiri padziko. Dzina la Chris Hani linawonjezedwa mu 1997 pokumbukira mtsogoleri amene anawomberedwa pakhomo pake pa 10 Epulo 1993, chaka chimodzi chisanafike chisankho choyamba cha anthu onse. Apa miyendo inali ikadali yopepuka, ndipo vuto linali kudziletsa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa marathon mwambiwu ndi lamulo lenileni. Anyamata ambiri amene anandipitirira ngati mphepo pa Baragwanath ndinawapeza kutsogolo atakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Ndinadziphatika ku gulu limene kumeneko amalitcha basi. Wothamanga wozolowera amanyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akufuna kumalizira, ndipo ofuna nthawi imeneyo amamutsatira. Dalaivala wa basiyo amauza anthu ake poti ayende, poti athamange, poti amwe madzi, ndipo amayambitsa nyimbo. Madzi amapereka m'timapepala tapulasitiki ngati ta fulizesi, umaluma pakona n'kumayamwa uku ukuthamanga.

Ku Kliptown tinadutsa pa Walter Sisulu Square. Pa 25 ndi 26 Juni 1955 nthumwi pafupifupi 3,000, akuda, amwenye, makaladi ndi azungu, zinasonkhana pa bwalo lafumbi pamenepa n'kuvomereza chikalata cha Freedom Charter. Mfundo zake zinatoleredwa kwa anthu wamba m'midzi, m'mafakitale ndi m'matchalitchi, zina zitalembedwa pa tizidutswa ta mapepala. Imodzi mwa mfundozo inali yakuti maphunziro akhale aulere, okakamiza ndi ofanana kwa ana onse. Tsiku lachiwiri apolisi anazinga msonkhanowo n'kulemba mayina a anthu. Mu Disembala 1956 boma linamanga atsogoleri 156 pa mlandu woukira dziko, ndipo mlanduwo unatha mu 1961 popanda ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa.

Sukulu imene inayatsa moto

Apa ndipo ndikufuna tichedwe, aphunzitsi anzanga, chifukwa nkhani ya 1976 ndi nkhani ya m'kalasi.

Lamulo la Bantu Education la 1953, limene analikankha ndi Hendrik Verwoerd, linachotsa sukulu za anthu akuda m'manja mwa mamishoni n'kuziika pansi pa boma. Cholinga chake chinali chosabisa: mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza kukhala wantchito. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, boma linkawononga ndalama zokwana R644 pachaka pa mwana mmodzi wachizungu, ndi R42 pa mwana wakuda. Mu 1974 kunabwera lamulo lina lakuti masamu ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu aziphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, sayansi ndi ntchito zamanja m'Chingerezi. Aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino chinenerocho, ndipo ana ankachiona ngati chinenero cha wapolisi. Tangoganizani, inu ophunzitsa masamu, mutauzidwa lero kuti kuyambira teremu yamawa muziphunzitsa algebra m'Chipwitikizi.

Makolo ndi makomiti a sukulu anadandaula, boma silinamve. Pa 30 Epulo 1976 ana a pa Orlando West Junior School anayamba kunyanyala makalasi, ndipo sukulu zina zinatsatira. Pa 13 Juni ophunzira anakumana mu holo ina ku Orlando n'kusankha komiti yokonza chionetsero. Mtsogoleri wake anali Tsietsi Mashinini, mnyamata wa zaka 19 wa pa Morris Isaacson High School. Anasunga chinsinsi kotero kuti makolo ambiri anapita kuntchito m'mawa wa Lachitatu pa 16 Juni osadziwa kanthu.

Njira ya mpikisano inatipititsa pa geti pa sukulu imeneyi ku Jabavu. Amene munaonera filimu ya Sarafina! ya 1992 mukuidziwa, chifukwa nkhani yake ndi ya ana a pasukuluyi. Ine ndinayembekezera chinthu chachikulu. Ndinaona sukulu wamba, ya njerwa ndi mpanda, yosasiyana kwenikweni ndi sekondale zathu za boma. Ndinachepetsa liwiro n'kuyenda mpaka ndinaipitirira. M'mawa umenewo wa 1976, ana anatuluka pa asembule atavala yunifomu, atanyamula zikwangwani za makatoni, n'kumatenga anzawo sukulu ndi sukulu. Ena anachokera ku Naledi High School. Onse pamodzi anali pakati pa 10,000 ndi 20,000, ndipo cholinga chinali kukasonkhana pa Orlando Stadium.

Tisanafike pa sukuluyi tinali titadutsa tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi ku Rockville. M'masiku a chipolowecho ana ankathawiramo, ndipo apolisi anawatsatira n'kuwombera ndi kuponya utsi wokhetsa misozi m'kati mwenimweni. Zipsera za zipolopolo anazisiya dala kuti zizioneka. Popeza misonkhano yandale inali yoletsedwa, anthu ankakumana m'tchalitchimu mpaka chinatchedwa nyumba ya malamulo ya Soweto. Ife Amalawi tikudziwa zomwe guwa lingachite pamene pakamwa pa anthu patsekedwa, chifukwa tinaziona ndi kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, ndipo amene anayamba kuguba poikira kumbuyo kalatayo analinso ophunzira, a ku Chancellor College.

Vilakazi Street

Pamene timafika ku Orlando West dzuwa linali litakwera ndipo kutentha kunali kwa mtima bii. Vilakazi Street ndi chitunda, ndipo inali yodzaza ndi anthu mbali zonse, ng'oma, mavuvuzela ndi nthungululu. Msewuwu unatchedwa dzina la B. W. Vilakazi, mlakatuli wa Chizulu amene analandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Witwatersrand mu 1946. Pa nambala 8115 pali kanyumba ka njerwa zofiira kamene Mandela analowamo mu 1946, ndipo chapafupi pali nyumba ya Desmond Tutu. Tutu analandira mphoto ya Nobel mu 1984, Mandela mu 1993. Alendo ambiri amabwerera zimenezi.

Koma m'dera lomweli ndi mmene ana aja anakumana ndi apolisi. Apolisi anaponya utsi, anamasula galu, ana anayankha ndi miyala, kenaka zipolopolo zinayamba. Mwa oyamba kuwomberedwa munali Hastings Ndlovu wa zaka 15 ndi Hector Pieterson wa zaka 12. Mtolankhani Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula chithunzi chimene nonse mukuchidziwa: Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector m'manja, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali akulira. Tsiku lomwelo khamu lolusa linaphanso Dr. Melville Edelstein, mzungu amene ankagwira ntchito yothandiza anthu a m'Soweto. Izinso tiziwauza ana, chifukwa mbiri yobisa mbali imodzi ndi yopunduka.

Boma linati tsiku loyamba kunafa anthu 23. Chipolowe chinafalikira dziko lonse, ndipo komiti ya boma lomwelo, yotsogozedwa ndi woweruza Cillié, inawerenga anthu 575 akufa pofika Febuluwale 1977. Ambiri amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chinaposa apa. Lamulo la Afrikaans linachotsedwa mu Julayi 1976, patangotha milungu yochepa. Achinyamata masauzande anathawira kunja kukalowa magulu omenyera ufulu. Mashinini anamwalira ku Guinea mu 1990 osaonanso kwawo. Makhubo anathawa, ndipo kalata yake yomaliza kwa amayi ake inachokera ku Nigeria mu 1978. Mu 1977 aphunzitsi mazana angapo a m'Soweto anatula pansi ntchito pokana Bantu Education, anthu a mabanja ngati ife, odalira malipiro a pamwezi.

Njira imadutsa pafupi ndi chikumbutso cha Hector Pieterson, pomwe palinso nyumba yosungiramo mbiri imene inatsegulidwa mu 2002. Ndinaima pang'ono. Zaka 12 ndi msinkhu wa mwana wa Sitandade 7. Zaka 15 ndi mwana wa Fomu 2, wa mtundu uja timamuthamangitsa chifukwa sanapisire malaya.

Pali chinanso chimene Mmalawi sangachilambalale akaima pamenepo. Dziko lathu linakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma latsankho mu 1967, Dr. Banda anakacheza kumeneko mu 1971, ndipo ngongole ya ku South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Pamene Zambia ndi Tanzania zinkasunga othawa, ife tinasankha njira ina. Ena amati dziko losauka lopanda doko silikanachitira mwina, ena amati tinagulitsa abale. Funso limeneli ndi labwino kuwapatsa ana a Fomu 4 kuti akangane okha, aliyense ndi umboni wake.

Khoma

Othamanga amanena za khoma limene munthu amaligunda akadutsa makilomita 30. Chimachitika n'chakuti thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi wokwanira mtunda pafupifupi umenewo. Akatha, thupi limadalira mafuta, amene amapereka mphamvu pang'onopang'ono. Miyendo imalemera ngati wamangirira matumba a simenti, ndipo mutu umayamba kupereka zifukwa zomveka bwino zosiyira. Ku Johannesburg vutoli limakula chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Mpweya umachepa, ndipo zitunda zoopsa za mpikisanowu zili kumapeto.

Basi yanga inandisiya pamenepo. Kambendera kaja ndinkakaona kakuchepa kutsogolo mpaka kanazimirira. Katumba ka mwendo wamanzere kanayamba kukokana, ndipo chala china chinali chitatuluka thuza. Ndinayamba kuwerenga mapolo a magetsi: kuthamanga asanu, kuyenda awiri.

Amene anandifikitsa ndi anthu a m'mbali mwa msewu. M'makomo ambiri munali mipope yothira madzi aliyense wodutsa. Ana ankatambasula manja kuti tiwawombe. Mayi wina wachikulire, wa msinkhu woti mu 1976 anali mtsikana wa sukulu, anali ndi beseni la mbatata yakachewere yowiritsa yothira mchere. Anandipatsa ziwiri n'kundilankhula m'Chizulu. Nditayankha m'Chingerezi kuti ndine wa ku Malawi, anaseka nati ndiye ndithamange ndithu chifukwa kwathu n'kutali. Tonse tikudziwa kuti mu 2008 ndi 2015 Amalawi anathamangitsidwa m'madera ena a dziko lomwelo, mabasi n'kukawatenga. Zimenezo n'zoona, ndipo mbatata ya mayi uja ndi yoonanso.

Chipanda chija chimaonekera patali, ndipo chimakhala ngati sichikuyandikira. Nditadutsa mzere anandiveka mendulo, ndinakhala pansi pa kapinga, ndipo panatenga nthawi kuti ndithe kumasula zingwe za nsapato. Milungu itatu m'mbuyo mwake, pa 12 Okutobala 2019, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anali atathamanga mtunda womwewu ku Vienna pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40, pa liwiro lokonzedwa mwapadera. Ndiye kuti akanatha kupita, kubwerera, n'kundipezabe ndili m'njira.

Zomwe ndinabwera nazo

Choyamba ndi cha kaphunzitsidwe. Kale ana anga ankadziwa 16 Juni ngati deti loloweza. Tsopano ndimawajambulira mapu pa bolodi, kuchokera pa Morris Isaacson kukafika ku Orlando West, n'kuwauza kuti ndi ulendo wa makilomita angapo wodutsa zitunda, ndipo anawo anauyenda m'nyengo yozizira atavala nsapato za sukulu. Akamva choncho mafunso amabwera okha. Kwathu kuno malo otere aliponso. Ndi angati mwa ana athu amene anapondapo pa PIM ku Mbombwe, kapena pa doko la Nkhata Bay pamene anthu anawomberedwa pa 3 Malichi 1959? Amene muli pafupi ndi malo oterewa, atengeni ana wapansi. Sizifuna basi kapena alawansi.

Chachiwiri ndi cha chinenero. Ana a ku Soweto anafera funso lakuti aphunzire m'chinenero chanji, ndipo ndani asankhe. Mbiri yathu ndi yosiyana ndi yawo, koma funsolo si lachilendo. Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo anzathu a kumpoto sanaiwale. Tikamaona mwana wanzeru akukhala chete m'kalasi chifukwa Chingerezi chamukanika, tisafulumire kumulemba kuti ndi mbuli.

Chachitatu, mu 1991 bungwe la OAU linakhazikitsa 16 Juni kukhala Tsiku la Mwana wa mu Africa. Timalikumbukira ndi magule, ndakatulo ndi zolankhula za alendo olemekezeka, koma mukafunsa ana ovinawo chifukwa chake tsikuli lili pa 16 Juni, ochepa ndi amene angayankhe. Chaka chino tengani mphindi khumi za asembule muwafotokozere, ndipo muwatchulire mayina a Hastings ndi Hector pamodzi ndi zaka zawo.

Kwa inu amene mtima wayamba kugunda kuti nanunso mukayese, yambani ndi makilomita asanu, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Ngati zaka zapitirira 40 ngati ine, yambani mwakayezetsa kuthamanga kwa magazi. Musavale nsapato zatsopano tsiku la mpikisano, ndipo fikani masiku awiri kapena atatu nthawi isanakwane kuti miyendo iiwale basi. Soweto Marathon imakhalanso ndi mitunda ya makilomita 21 ndi 10, choncho palibe chifukwa choyambira pa waukulu. Amene muli ku Joni konko, ana anga, mulibe chowiringula. Mukamaliza munditumizire chithunzi cha mendulo, ndipo mundiuze ngati mayi wa mbatata uja akadali pamalo pake.